Nambala ya pa Injini ya Achimwene

Gologolo anandipeza ndikuchapa zovala za mapasa a achimwene anga kuseri kwa nyumba. Sanazimitse njinga yake, sanapereke ndi moni womwe. Anangokweza galasi la chisoti n'kunena kuti, "Pulofesa, kwera. Tayipeza."

"Mwapeza chiyani?"

"Njinga ya Fote-wani. Ndi wakubayo tamugwira, ali kugalaja kwa Sipanala. Tcheya akuti palibe chichitike iwe usanafike."

Fote-wani ndi dzina limene anzawo oyendetsa njinga zamoto ankawatchula achimwene anga, chifukwa cha nambala 41 imene inali kumsana kwa jekete yawo yowala. Gologolo anali mmodzi mwa anzawowo. Ndinasiya kadiresi m'beseni n'kukwera, thovu lili m'manja. Alamu anali kuntchito kwawo kosoka, ndipo mayi anali m'chipinda, nkhope atalozetsa kukhoma monga akhalira chimwalirire mwana wawo. Sindinatsanzike aliyense.

Achimwene anaphedwa masanasana. Munthu wina anawakwera pasiteji nawauza kuti akamutule kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Kumeneko anawamenya ndi nyundo kunkhongo, pamalo pamene chisoti chimalekezera. Ankadziwa pomenya. Ine ndi amene ndinapita kumotchale kukawazindikira. Nkhope yawo inali bwinobwino, ndevu zometedwa m'mawa womwewo. Bambo wogwira ntchito kumeneko anandiletsa kuwatembenuza mutu, koma ndinawatembenuza, ndipo zala zanga zinamira pamene pankayenera kukhala fupa.

Kukoleji sindinabwerereko. Ndinali m'chaka chachiwiri, ndikuphunzira masamu, ndipo imene inkandiphunzitsa ndi njingayo. Itapita, ndinatsala ndi dzina lokha la Pulofesa ndi beseni.

Gologolo ankalankhula mokuwa chifukwa cha mphepo. Akuti bambo wina wogulitsa mazira anaima pagalajapo kuti amumangire tcheni. Njinga yake inali yabuluu, pamene ya achimwene inali yofiira, koma Sipanala, makanika wa pamenepo, anazindikira chopondera chimene anawotcherera yekha.

"Vuto lake Sipanala wawotcherera zopondera za tauni yonse," anatero Gologolo. "Mapepala a njinga ndiye Fote-wani ankasunga pansi pa mpando, ngati tonsefe. Anapitira limodzi. Ndiye Tcheya akuti nambala ya pa injini ija iwe uli nayo m'mutu."

Nambalayo ndinalibe m'mutu. Chimene ndinali nacho ndi zidutswa zake.

Tsiku limene achimwene anagula njingayo, anaiimika pakhonde n'kugwada, nayamba kuwerenga mokweza nambala yodindidwa pachitsulo cha injini. Inali yaitali, ya timanambala khumi ndi tiwiri.

"Pulofesa," anandiitana, "kukoleji kwanuko zimenezi mumatha kuchita nazo kanthu, kapena mumangodya buledi?"

Ndinawauza kuti nambala ili ngati injini yomweyo. Ukhoza kuimasula, kugawa ndi kugawanso, mpaka utafika pa tizidutswa tosamasulikanso. Timeneto ndi nambala zosagawika, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11, zimene palibe nambala ina imalowamo ndendende kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndinawauzanso kuti nambala iliyonse ili ndi zidutswa zakezake, ndipo palibe ziwiri zimene zimamasuka mofanana.

"Ndiye imasule tione," anatero, akundiponyera choko cha ana.

Ndinaimasulira pasimenti ya pakhonde pomwepo, iwo atakhala chonjuta pambali panga. Munatuluka 3, kenako 3 wina. "Mapasa angawo!" anakuwa achimwene. Munatuluka 7, iwo n'kuti amenewo ndi alamu, pakuti amavala nsapato saizi 7. Munatuluka 13, iwo n'kutsitsa mawu, "Amenewo ndi mayi. Aliyense amawaopa." Potuluka 41 anadziguguda pachifuwa nati ameneyo ndi iwo, ndipo m'mawa mwake polembetsa pasiteji anachita kupempha jekete ya nambala imeneyo. Pomaliza panatsala chinambala chachikulu, 6700417. Ndinalimbana nacho masiku angapo, kuyesa ichi, kuyesa icho, koma palibe chinalowa.

"Ameneyo ndiwe," anatero achimwene. "Chimutu chachikulu, makani okhaokha. Palibe wokugawa."

Zinthu zoterozo munthu suiwala.

Phokoso la kugalaja tinalimva tisanakhote. Njinga zinali zitaimikidwa mpaka mumsewu, ndipo pakhomo panali gulu la majekete owala, kuphatikizapo amayi ogulitsa zipatso ndi anthu ongodutsa amene anasiya maulendo awo. Atandiona anapatuka.

Choyamba kuona chinali mazira. Mathireyi onse anali atagwetsedwa, ndipo pansi ponse panali noninoni, zikungwa zikuphwanyika kuphazi. Pakati pa chikasu chimenecho panali mizere yofiira yolowera kumzati wa denga. Pamzatipo anali atamumangirira ndi chubu cha tayala, manja kumbuyo. Anali bambo wamng'ono thupi, wa dazi, wovala malaya a kolala omangidwa mabatani mpaka m'khosi. Nsapato imodzi inali itavuka, sokosi yake yobooka pachala chachikulu. Diso lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka.

"Mabwana anga, ndinachita kugula," ankatero, magazi akuchucha m'kamwa. "Ndinachita kugula ine."

Pamenepo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana manja ake n'kuwaona atagwira nyundo. Pabenchi panali tcheni chakale cha njinga. Ndinachitola n'kumukwapula nacho paphewa, malaya n'kung'ambika, khungu n'kutseguka. Ndinamukwapulanso. Anthu anakuwa mokondwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikire maliro ndinamva mpweya ukufika pansi pa mapapo anga.

Tcheya anandigwira dzanja. Ndi wapampando wa oyendetsa njinga pasitejipo, chimunthu cha khosi lonenepa chimene chinanyamula bokosi la achimwene kutsogolo, chikulira ngati mwana. M'dzanja lina anali ndi paipi yachitsulo.

"Pang'onopang'ono, Pulofesa. Ife si zigawenga, timachita zinthu mwadongosolo. Yamba watitsimikizira kuti njingayi ndi ya mbale wathu. Ukatero, ntchito yako ndi iyi."

Anandiika bokosi la machesi m'manja n'kundifumbatitsa. Pambali pa mzati panali tayala lagalimoto ndi chigubu cha petulo.

Pasitejipo ali ndi lamulo lawo: akagwira wopha mnzawo, kumenya amamenya onse, koma woyatsa moto amakhala wachibale wa malemuyo. Iwo amati ndi ulemu kwa ofedwa. Achimwene anandiuzapo akuseka kuti lamulolo analipanga kuti apolisi akabwera, pasapezeke wa jekete woti n'kumuloza chala. Tsiku limenelo ine ndinalimva ngati ulemu.

Njinga inali pakona. Utoto wabuluu wopakidwa mothamanga, mpando wina, nambala yakumbuyo ina. Sipanala anagona chammbali, napukuta injini ndi kansanza koviika m'petulo, nayamba kuwerenga. Ine ndinapempha choko chimene amalembera matayala, ndinakankha zikungwa ndi phazi pamalo ouma, n'kulemba zimene ankatchula: 224993302443.

"Ndi yomweyo?" anafunsa Tcheya.

"Yonse sindikuikumbuka. Ndikukumbuka zam'kati mwake." Ndinalemba pambali, chotsitsa: 3, 3, 7, 13, 41, ndi 6700417. "Ndigawa nambala iyi ndi izi, imodziimodzi. Zikalowa zonse popanda chotsala, n'kuthera pa yaikuluyi, njingayi ndi ya achimwene. Palibe ina padziko ingatero."

Gologolo anatulutsa foni. "Tingodina apa, mphindi imodzi tathana nazo."

"Bweza kafoni kakoko," anatero Tcheya. "Foni imanama, imatiuza kuti kugwa mvula tsiku lililonse. Alembe pansi, aliyense aone ndi maso ake."

Ndinagwada. Poyamba ndinaphatikiza timanambala tonse khumi ndi tiwiri, ndipo tinakwana 45. Timanambala tikakwana chiwerengero chogawika ndi 9, ndiye kuti 3 alowa kawiri. Mapasa anali momwemo ndisanayambe n'kugawa komwe. Komabe ndinagawa mwadongosolo, kutsitsa nambala imodziimodzi monga amaphunzitsira kupulayimale. Anthu anandiunjirira, mithunzi yawo ikuphimba choko. Pansi pa mzere panatsala 0.

"Yalowa," ndinatero.

"Yalowa!" gulu lonse linabwereza.

"Ameneyo anali ndani?" anafunsa Gologolo, amene nkhani ya pakhonde ija ankaidziwa, pakuti achimwene ankaifotokozera aliyense.

"Mwana woyamba."

Tcheya anatembenuka n'kumenya Wamazira ndi paipi pabondo. Linalira ngati nkhuni youma. "Imeneyo ndi ya mwana woyamba!"

Ndinagawanso ndi 3. Inalowa. Paipi inatera pabondo linalo, ndipo bamboyo anatsetsereka pamzati mpaka kukhala pansi m'mazira. Panatsala 24999255827. Ndinagawa ndi 7, dzanja likuthamanga lokha, ngati likukumbuka njira.

"Yalowa."

"Ya mayi wamasiye!" wina anakuwa. Anamumasula dzanja limodzi, naligoneka pasimenti, wina n'kuliponda ndi jombo pamkono. Tcheya anatsitsa paipi pazala. Kukuwa kumene kunatuluka m'kamwa mwa bambo uja sikunali kwa munthu wamkulu. Mayi wina wogulitsa zipatso anaphimba maso ndi nsalu, koma sanachoke.

"Pitiriza, Pulofesa! Sukulu ija sinapite pachabe!"

"Uyu ndiye akanakhala nduna, uyu!"

Ankaseka. Inenso ndikuganiza kuti ndinamwetulira. 13 analowa, ndipo chifukwa cha mayi anamuponda kumaso mpaka mano awiri anagwera pamalaya. Panatsala 274717097. Ndinalemba 41 kumanzere kwake. Ndinkangomva choko chikukhwekhwereza ndi mpweya wa bamboyo ukulira m'mphuno ngati paipi yotsekeka. Ndinatsitsa nambala yomaliza, ndinachotsera, 0.

Pamwamba pa mzere panali 6700417.

Anthu anaona okha. Phokoso linaphulika. Ena ankamenya zisoti pamalata, ena ankaitana dzina la Fote-wani akulira. Awiri ananyamula tayala lija n'kumuveka Wamazira m'khosi, nalikanikiza mpaka linafika pachifuwa. Tcheya anatsegula chigubu n'kumuthira kuyambira padazi. Petulo anatsika kumaso, nalowa m'mabala, nayenderera pansi kusakanikirana ndi mazira. Fungo lake linadzaza m'galaja monse. Anthu anabwerera m'mbuyo n'kusiya bwalo, ndipo Sipanala anayamba kukankhira njinga za makasitomala panja.

"Osati muno, a Tcheya! Mumutulutse kaye, mundiotchera malo!"

"Timutulutsa. Pulofesa, konzeka."

Ine ndinali ndikuyang'anabe nambala ija pansi. Sindinaionepo ikutuluka yokha pogawa chichokere pakhonde paja. Ndinafuna kukhudza pamene achimwene anakhudza, choncho ndinapita panjinga, ndinagwada monga anagwadira iwo, n'kuyendetsa chala pachitsulo. Timanambala tonse tinali takuya, tosalala m'mbali, pamzere wowongoka monga tinachokera kufakitale. Panalibe pokalika ngakhale pamodzi.

"A Sipanala," ndinaitana, "njinga zakuba zimene munazionapo, nambala imakhala chonchi?"

Anaima atagwira mahandulo a njinga ina. "Amapala. Chinthu choyamba ndi kupala, kenako amadinda yawo yokhotakhota."

"Nanga iyi bwanji sanapale?"

Anayang'ana Tcheya, nayang'ana pansi. "Wakuba akafuna kuyendera yekha, amapala. Akafuna kungoitaya msanga kwa munthu wosadziwa, sataya nthawi. Amangopaka utoto."

"Munaonapo munthu atapha wa pasiteji ino, n'kubwera ndi njinga yake pagalaja yoyang'anizana ndi siteji yomweyo, masana, atanyamula mazira, kuti mumumangire tcheni?"

Sipanala anapukuta manja pa ovolosi yake ngakhale anali opukuta kale.

Kulowa kulikonse kumene tinkakuwira kunkanena chinthu chimodzi chokha, kuti njingayi ndi ya achimwene. Za dzanja limene linagwira nyundo, nambalayo sinanenepo kanthu. Ndipo kukhala kwake yathunthu, yosakhudzidwa, kunkasonyeza munthu amene sankadziwa kuti pali choti abise.

Ndinapita pamzati. "Bambo, munagula kwa ndani?"

Anayesa kutsegula diso lotsalalo, petulo akumuluma. "Kumsika wa zinthu zakale... mnyamata wamtali, khutu lodukira pamwamba. Anati mapepala abweretsa. Ndinkayenda wapansi ine, mwana wanga, mathireyi pamutu. Funsani aliyense."

"A Tcheya, mwamva? Uyu anagula."

"Onse amatero," anatero Tcheya. "Ukufuna anene kuti chiyani, kuti ndinapha ndine, ndithireninso petulo? Wogula chakuba ndi wakuba yemwe. Popanda ogula, mbale wako bwenzi ali moyo. Mutulutseni!"

"Ayatse! Ayatse!" gulu linayamba kuimba, likuwomba m'manja.

Anyamata awiri anasuntha kuti adule chubu chija. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinakhala pansi m'chithaphwi cha petulo, pambali pa bamboyo, phewa langa litagunda tayala. Thalauza linanyowa nthawi yomweyo, kuzizira kukukwera mpaka m'chiuno. Dzanja lamanzere ndinalipisa m'kati mwa tayala n'kukolowekamo chigongono.

"Sindinamalize," ndinatero.

"Sunamalize chiyani?" anafunsa Tcheya.

"Yotsalayi. Ya achimwene inali yosagawika. Ndiyenera kuiyesa ndione ngati iyinso ndi yosagawika. Chikalowamo china, ndiye kuti si yomweyo."

Tcheya sanapite patali ndi sukulu, koma si chitsiru. Analoza pansi ndi paipi. "Ndi yomweyo walemba pambali apa usanayambe! Tonse tikuona!"

"Ndinalemba za m'mutu. Mutu wanga chimwalirire achimwene sukuyenda bwino, mukudziwa nonse. Mwina ndaphonya kanambala kamodzi. Munanena nokha kuti timachita zinthu mwadongosolo."

"Ndiye uyesa zingati?"

"Zosagawika zonse mpaka kupitirira 2500. Zilipo zoposa mazana atatu."

Wina anaseka kumbuyo, koma anasiya msanga. Gologolo anatulutsanso foni yake mwamantha. "Apa ndiye tidine, a Tcheya."

"Foni imanama," ndinatero.

Khofi la Tcheya linandipeza pakhutu, dziko lonse n'kulira ngati belu. Choko sichikanalemba ponyowa, choncho ndinatola msomali umene unali pafupi n'kuyamba kukanda simenti pakati pa miyendo yanga. Zing'onozing'ono ndinazidumpha, ndinayambira pamene tinalekezera.

"43," ndinatero mokweza. Ndinagawa pang'onopang'ono, kutsitsa kalikonse. "Sinalowe. Kwatsala 28."

"Dzuka, iwe!"

"47."

Tcheya anandigwira kolala n'kukoka. Tayala linakoka bambo uja, chubu chinakoka mzati, denga lonse n'kugwedezeka, fumbi la malata likutigwera. Sindinatulutse dzanja. Anandisiya, nandiponda m'nthiti. Mpweya unathawa. Ndinadikira kuti ubwerere.

"Kwatsala 3. Yatsala pang'ono kulowa, koma sinalowe."

"Mwana uyu wapenga!"

"Anamudyetsa chiyani wakubayu?"

"Sukulu yambiri imaononga mutu, ndinkanena ine!"

Dzira limene linapulumuka linandiphulikira pachipumi. Kenako mwala, kenako nati yaikulu imene inanding'amba pamwamba pa diso. Mnyamata wina wa jekete yatsopano, amene achimwene sanamudziwe n'komwe, anatulutsa laitala n'kuikweza m'mwamba.

"Akakana mwini wake, tiyatsa ife!"

Sipanala anamulumphira n'kumupotokola dzanja mpaka laitala inagwa, iye n'kuiponda. "Ukufuna kuotcha mng'ono wake wa Fote-wani? Ukawauza chiyani mayi ake? Ukayatse kwanu, galu iwe!"

Apo m'pamene ndinaona kuti lamulo lawo lija lawagwira okha. Aliyense ankafuna moto, koma panalibe wofuna kuti dzina lake likhale pamotowo, makamaka tsopano pamene unali woti upsereze anthu awiri. Tcheya anaona zomwezo. Anagwada patsogolo panga, nkhope yake pafupi ndi yanga, maso ali psuu.

"Pulofesa, ndinamunyamula ine mbale wako. Ndinamusambitsa ine. Unaona chimene anamuchita kumutu?"

"Ndinapisamo zala."

"Ndiye ukutchinjiriza ichi?"

"53," ndinatero.

Anaimirira n'kutsitsa paipi pamkono wanga umene unali m'tayala. Ndinamva kanthu kakuthyoka m'katimo, ndipo kuwala koyera kunadzaza m'maso. Ndinakuwa, sindikana. Ndinasanza pang'ono pamalaya. Koma chigongono chinali chitakola kale, ndipo kuchitulutsa kukanapweteka kuposa kuchisiya. Bambo uja anatsamiritsa mutu wake wonyowa paphewa langa. Ankanjenjemera thupi lonse, akutchula mayina amene ndikuganiza kuti anali a ana ake.

Msomali unali udakali m'dzanja lamanja. Manambala ankasambira, koma ndinawagwira limodzilimodzi.

"Kwatsala 51. Sinalowe. 59."

Palibe chotopetsa kuonerera ngati munthu akugawa nambala. Aphunzitsi anga ankadziwa, ine ndinkadziwa, ndipo tsiku limenelo gulu lija linadziwanso. Kuimba kunazirala. Amayi a zipatso anakumbukira kuti asiya malonda opanda munthu. Nditanena kuti 59 yasiya 23, wina anayasamula. Nditafika pa 61, fakitale ya sopo kutsidya kwa msewu inaliza saireni yoweruka, ndipo anthu anayamba kutuluka pageti, akuyang'ana pasiteji popanda njinga ngakhale imodzi.

"Njinga! Njinga!" ankaitana.

Woyamba kuchoka anachita ngati akukasuntha njinga yake pamsewu. Sanabwerere. Wachiwiri sananamizire n'komwe. Injini zinayamba kulira imodziimodzi, ndipo kuwala kwa pakhomo, kumene matupi anatseka, kunayamba kulowa. Anthu amene ankalira dzina la achimwene posachedwapa anali akukanganirana makasitomala.

"Kwatsala 55," ndinauza miyendo imene inatsala.

Tcheya anakhala mpaka pa 73. Kenako anaponya paipi pabenchi, zitsulo n'kugwa pansi.

"Mbale wako akukuona," anatero.

"Akundiona."

"Usadzapondenso pasiteji panga."

Analavula pambali pa phazi langa n'kutuluka. Kumsana kwa jekete yake kunali madontho a mazira.

Munatsala ine, bambo uja, Sipanala ndi Gologolo. Sipanala anadula chubu, ndipo pochotsa tayala anachita kulikweza pamodzi ndi dzanja langa, ine ndikuluma kolala. Anatithira madzi a m'diramu, ndowa zingapo aliyense, kuti petulo achepe. Gologolo anaimitsa galimoto yonyamula njerwa, ndipo tinamugoneka bamboyo kumbuyo. Asanakwere, Gologolo anaima pamwamba pa zokanda zanga zija, akuziyang'ana.

"Pulofesa, ukanapitiriza mpaka mazana atatuwo, chikanalowa china?"

"Ayi."

"Unkadziwa?"

"Ndinayesa kale zonse, pakhonde."

Anapukusa mutu. "Fote-wani ankanena. Makani okhaokha."

Kuchipatala anati bamboyo akhala moyo. Diso lamanzere lapita, zala zitatu sizidzapindikanso, ndipo za kuyenda anati tidzaona. Bala la paphewa, la tcheni lija, analisoka ine ndikuona, pamene ndinkadikira kuti andiike pulasitala. Wapolisi amene anabwera analemba za mnyamata wa khutu loduka, analembanso nambala ya injini, ndipo njinga anakaitenga kuti ikhale umboni. Sindikudziwa ngati adzamupeze. Msika wa zinthu zakale ndi waukulu, ndipo anthu odukira makutu ndi ambiri kuposa mmene munthu angaganizire.

Ndinafika kunyumba dzuwa litalowa kale. Nkhani inali itandipitirira kale. Alamu anali pakhonde, atakhala pampando wa achimwene, tepi yoyezera idakali m'khosi. Anayang'ana pulasitala, anayang'ana diso langa, kenako anayang'ana kumsewu kumbuyo kwanga ngati kuti mwina njinga ikubwera yokha.

"Inali yake?" anafunsa.

"Inali yawo, alamu. Nonse munalimo."

"Nanga munthuyo?"

"Ali moyo. Anachita kugula."

"Watsimikiza?"

Ndinafuna kuwauza kuti inde, monga ndimanenera nambala ikalowa. Koma chimenechi sichinali choti n'kulemba 0 pansi pake.

"Ayi," ndinatero. "Koma ndikuganiza choncho."

Sindinadziwe ngati alamu andimenya kapena alira, ndipo zonse ziwiri ndikanazilandira. Kenako anaimirira, napisa dzanja m'thumba la malaya anga, natulutsa bokosi la machesi lija, lonyowa, lofewa ngati buledi. Analiyang'ana, naliponya m'ngalande.

"Zovalazo uvulire kunja konkuno," anatero. "M'nyumba ndayatsa mbaula."

Mapasa anatulukira pakhomo, wina kumbuyo kwa mnzake. Wamkulu anagwira mphuno.

"Bambo aang'ono, mukununkha ngati njinga ya adadi."

Wamng'ono sanasamale za fungo. Ankafuna kudziwa chifukwa chake diresi lake lakhala m'madzi tsiku lonse. Ndinamuuza kuti abweretse beseni pakhonde, agwire mbali imodzi, ine ndigwire inayo ndi dzanja lotsalali, tifinye.